Magetsi a rivesi ndi repu wa mkazi wanga

Chaka chimene mashopu a ku Shurugwi analibe ngakhale buledi, tinkadalira repu wa m'dimba la mkazi wanga. Iye atapita kukagona kwa abale ku Mkoba, ndinaponda theka la dimbalo pobweza pikapu.

Atabwerako ndinati kunali mdima, magetsi a rivesi ndi ofooka. Zoona zake, dzuwa linali paliwombo, maso anga ali pa mayi woyandikana nafe amene ankayanika zovala.

Kuti bodza likhwime, ndinagula magetsi aakulu ngati a pamgodi, n'kutha Loweruka lonse ndikulumikiza mawaya. Kenako ndinamuitana kuti aone luso langa.

"Akuwala, bambo a Tendai," anatero. "Tsopano muziona bwino masana. Aneba akuti moni wanu uja unali wautali."