Chaka Chimene Timu Yathu Inakankhidwira Kumpoto

Nkhani yoti tichoke ku Mponela inagamulidwa pakhonde la sitolo pomwe adadi amasokera zovala. Amayi anali atapeza ntchito ya unamwino ku London, ndipo anati atenga ine ndi achimwene anga a Chisomo. Adadi sanaimitse n'komwe makina. Anati, "Pitani. Ine kozizirako ndikasoka chiyani? Koma mnyamatayu mukamupezere timu, mwendo wamanzerewo ungakawole." Za ine sananene kanthu. Ndinali Fomu 1, ndipo miyendo inkandiyabwa kale kufuna kukwera ndege.

Ndikulemba izi ndili ku Tottenham, m'kachipinda kathu ka pamwamba pa sitolo yogulitsa ufa ndi nsomba zouma. Homuweki ya pa holide ili apa koma mtima sukukhazikika, ndiye bola ndilembe zimene zikundizungulira m'mutu.

Chaka choyamba chinali chowawa. Amayi ankabwera kuchokera kuchipatala n'kugwera pabedi nsapato zili kumapazi. Ndalama zinkalowa n'kutuluka ngati alendo olakwitsa nyumba: lendi, magetsi, sitima, kenako kotsalako kupita kwa adadi. Kusukulu ndinkayankha bwino mafunso koma pa nthawi yopuma ndinkadya ndekha. M'basi ukapereka moni, munthu amacheuka kuona ngati ukulankhula ndi wina kumbuyo kwake.

Kenako achimwene anapeza timu, m'katawuni kena kunja kwa London chakumpoto, kokwerera sitima. Si timu ya pa kanema ayi. Osewera amalandira kenakake, koma aliyense ali ndi ntchito yake: goloboyi ndi pulambala, kaputeni ndi mphunzitsi, achimwene amanyamula makatoni kosungira katundu. Ligi yawo ndi yogawidwa pawiri, chigawo cha Kumwera ndi cha Kumpoto. Ife tinali Kumwera.

Adadi atamva, anandiimbira ine. "Iwe Tada, uziulutsa mpirawo. Ndikufuna ndiziumva ngati pa wailesi." Choncho Loweruka lililonse ndinkaima kumbuyo kwa golo, foni pakamwa, kujambula mawu n'kumatumiza. "Mpira uli ndi Chisomo, wamudoda mmodzi, wamudodanso wina, wauponya pakati, aaa, waphonya munthu wa tsitsi lofiira uja!" Azungu oyandikana nane ankaseka, kenako anazolowera. Kwa nthawi yoyamba ndinali ndi kopita komwe anthu ankandidziwa dzina.

Mbiri ya ligiyi anandiuza ndi mayi Doreen, omwe akhala akugulitsa tiyi pabwalopo kuyambira ali mtsikana. Akuti kale kunali timaligi ta m'madera, kalikonse ndi malamulo ake. Kenako akuluakulu a mpira anakhazikitsa zigawo ziwirizi pansi pa ligi ya dziko lonse, kuti anthu ogwira ntchito asamathere Loweruka lonse pamsewu. Koma mzere wogawa zigawozo suima malo amodzi. Zigawo zimayenera kufanana chiwerengero cha matimu. Akatsika kuchokera pamwamba matimu ambiri a kumwera, chigawo chimasefukira, ndipo amene ali m'mphepete ndi amene amakankhidwira kwinako. Mayi Doreen anati zinawachitikirapo kale, osewera theka anathawa, timu inatsala pang'ono kufa. Ndinatumiza zonsezi kwa adadi monga nkhani yongocheza pa hafu taimu.

Ligi itatha chaka chimenecho, uthenga unabwera. Sitinatsike, sitinakwere, koma tinali a Kumpoto. Mayi Doreen anangopukuta manja n'kunena kuti, "Atitayanso."

Zonse zinasokonekera. Masewero akoyenda anasanduka maulendo odutsa dziko lonse, ndipo amayi anandikaniza kupita. Achimwene ankanyamuka ine ndisanadzuke, n'kutha Lamulungu lonse ali chigonere. Choipa kwambiri chinali masewero a Lachiwiri, chifukwa ankajomba shifiti, ndipo bwana wawo anayamba kuwaonetsa chitseko ndi maso. Anaonda. Mpira wawo unayamba kulemera, ine ndemwe ndinkaona. Anapirira mpaka ligi kutha, kenako tsiku lina tikutsuka mbale anangoti, "Ndasiya, Tada."

"Mwasiya chiyani?"

"Usandifunse ngati wapolisi. Mpira. Ndikufuna ndilowe koleji ya zamagetsi."

"Adadi mwawauza?"

"Ukawauza ndiwe ukapita ku Mponela pa holide. Si ndiwe wailesi?"

Anaseka, koma mbale imodzimodziyo anaitsuka kawiri. Achimwene saopa oteteza kumbuyo aatali ngati zitseko, koma adadi amawaopa. Ndipo ndinawamvetsa. Pa foni adadi sankafunsa za sukulu kapena za nyengo, koma za mwendo wamanzere basi. Ndinkaona ngati chingwe chokha chomangirira Mponela ndi London ndi mwendo umenewo, ndiye ine ndi amene ndikukachidula. Ndinalemba mayeso nkhaniyo ili pakhosi. Adadi akafunsa kuti ligi iyamba liti, ndinkati, "Ndikubwera, ndidzakuuzani bwinobwino."

Ine ndi amayi tinafika ku Mponela nthawi yozizira, fumbi lili ponseponse. Msewu wa kumsika unaoneka waufupi kuposa mmene ndinkaukumbukira. Tsiku lotsatira ndinapita kukhonde la adadi nditakonzekera kuti ndiwapeza okha.

"Wailesi yafika!" anakuwa a Mbewe okonza njinga, ndipo amuna odzaza benchi anaimirira kundipatsa moni wa manja awiri ngati ndine phungu. Pa makina a adadi panali kasipika kakang'ono. Pakhoma panali mapu a England ojambulidwa ndi makala, okhota ngati mbatata, ndi mizere iwiri ya choko, wina wofufutidwa. Kadontho ka timu yathu kanali pakati pa mizereyo.

"Anatibera anthu aja," anatero a Mbewe akuloza khoma. "Taonani, London ili apa, ife tili apa. Kumpoto kwake kuti?"

"Inu a m'chigawo cha pakati kulira basi," anayankha a Nyirenda ogulitsa nyama, omwe kwawo ndi ku Rumphi. "Mwalowa kwa anthu ophunzira, thokozani."

"Ophunzira chiyani, mpira wongomenyera m'mwamba?"

Wina anandifunsa ngati mayi Doreen anachira bondo. Wina ankafuna kudziwa ngati goloboyi wathu anakwatira. Ankati "ife", "tinagonja", "tidzabwerera Kumwera". Mawu anga onse, ngakhale omwe ndinkatsokomola chifukwa cha chisanu, ankamveka pakhonde limenelo Loweruka lililonse, ndipo ine sindinkadziwa.

"Ndiye Chisomo akukonzekera bwanji?" anafunsa adadi, nsalu ili m'manja.

Ndinafuna kunena kuti tikakambirana kunyumba, koma maso onse anali pa ine. "Adadi, achimwene asiya mpira. Maulendo a Kumpoto akanawachotsetsa ntchito. Akufuna kuphunzira zamagetsi."

Makina anaima. Adadi anadula ulusi ndi mano, n'kuuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwendo uli bwino?"

"Uli bwino."

"Akudya?"

"Ayambanso kudya."

A Mbewe anamenya benchi. "Ndiye kumanzereko aika ndani? Wa tsitsi lofiira uja? Amayo, tatha!" Khonde lonse linaphulika ndi phwete, ndipo mkangano unayambiranso, wina akuti tigule wosewera watsopano, a Nyirenda akuti apereka ng'ombe.

Adadi sanaseke. Anatambasula dzanja. "Muimbire."

Ndinaimba. Achimwene atayankha, ndinangoti, "Adadi awa," n'kupereka foni.

"Iwe," anatero adadi. "Ndamva. Zamagetsizo ukaphunzire zenizeni, osati zongolumikiza mawaya. Koma wasiya ndi iwe, ife kuno sitinasiye. Mlongo wako asamapite yekha kubwalo. Uziima pambali pake, chifukwa pa nkhani ya ofusayidi amatinamiza."

Ndinamva achimwene akufwenthera pa foniyo. Adadi anandibwezera foni, n'kupondanso makina.

Pochoka ku Mponela ulendo woyamba uja, ndinkaganiza kuti ndasiya adadi atakhala okha, akudikira kuti mwana wawo adzaoneke pa kanema. Ndinawapeza ali ndi benchi yodzaza, akukangana za mzere wa dziko lomwe sanalipondepo. Amene tinkadya tokha tinali ife. Ligi iyamba Loweruka, tidakali Kumpoto, ndipo achimwene agula matikiti a sitima awiri.