Kadukidwe ka nyimbo za mayi a pakona

Mayi amasiye a nyumba ya pakona amaimba nyimbo za kwaya akamasita zovala. Anaimba alito kutchalitchi zaka makumi atatu, ndipo mawu awo akadali okoma ngakhale amanjenjemera. Koma nyimbo ikafika pakati amangoti zii, simbi ili m'mwamba, kenako n'kupitiriza.

Mwana wawo wamkazi, atamva kudukizaku kangapo, anaopa kuti mutu wayamba kusokonekera, mpaka anakonza zopita nawo kwa dokotala.

"Amayi, mwaiwalanso mawu?" anafunsa tsiku lina nyimbo itadukanso.

"Iwe, nyimbo ya Ambuye ndingaiiwale ine? Apa timapuma, amalowa a besi. Bambo ako ankapatenga bwino pamenepa, ndipo sankafuna wowalowerera."

Mwanayo anakhala pampando, nadikira nawo kuti bambo ake amalize.