Mudzi umene amuna anga anandisiyira m'foni

Amuna anga ankaopa kupha nkhuku. Zaka zonse zimene tinakhala ku Nangongwe mpeni ndinkagwira ndine, iwo n'kuzembera kuseri kwa nyumba kukaona ngati mapapaya apsa. Koma atapuma ntchito ku fakitale ya feteleza, mwana wathu wamkazi, amene amagulitsa zovala za salaula ku Lusaka, anawagulira foni yaikulu, ndipo m'foni imeneyo anasanduka mkulu wa nkhondo.

Inali gemu. Ankakhala pampando pansi pa mtengo wa mango masana onse, magalasi ali pamphuno, chala chikuyendayenda pagalasi la foni. Tsiku lina ndinawafunsa chimene chinkawaseketsa okhaokha, ndipo anandifotokozera. Munthu wawo wa m'gemumo poyamba anali chigawenga, wotentha midzi ndi kulanda ng'ombe. Kenako anthu anatopa ndi kuthawa, anangomuika kukhala mtsogoleri wawo. Koma pansi pa phiri panagona chinjoka chakalekale, chimene chinalipo anthu asanabwere m'dzikomo, ndipo chikadzuka palibe mudzi umene ungalimbane nacho wokha. Choncho mtsogoleriyo ankayenera kubwerera kwa anthu omwe aja anawatenthera nyumba, kukawapempha kuti amuthandize.

"Ndiye amavomera?" ndinafunsa.

"Ena amavomera. Zimatengera mmene wapemphera."

"Inu nkhuku imakukanikani, chinjoka mudzachitani nacho?"

Anangoseka n'kukankhira magalasi m'mwamba.

Kunena zoona, pa mzere wathu wa nyumba mkulu wa nkhondo weniweni ndinali ine. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe ndinamuthira madzi pa pompi chifukwa anaika chigubu chake patsogolo pa changa. Mayi wina wachitsikana, wotsogolera kwaya ku tchalitchi ya pentekosite, ndinamuzulira waya wa sipika ali pakati pophunzira nyimbo. Wina wogulitsa nsomba za ku Chanyanya ndinamuuza pamaso pa makasitomala ake kuti nsomba zake zinafa ndi ukalamba. Onse atatuwa sitinkapatsana moni, ndipo ine ndinkaona ngati ndapambana.

Amuna anga anamwalira m'nyengo yozizira, ndi matenda a shuga. Pa tsiku logawa zovala, achibale awo ochokera ku Chipata anayala zonse pamphasa. Alamu anga anatenga jekete ndi njinga. Foni anaitembenuzatembenuza, ataona kuti galasi lake linasweka pakona anati, "Iyi ikhale ya amake ana, azikumbukirapo."

Sabata yachitatu ndinaitchaja kuti ndione zithunzi zawo. Itangoyaka inayamba kulira ngati ng'oma, pagalasi pakutuluka mawu ofiira a Chizungu. Ine sukulu ndinalekera giredi folo. Ndinaitana mwana wanga, amene anali akumanga chikwama kuti abwerere ku Lusaka.

"Amama, akuti chinjoka chadzuka," anatero. "Chifika pamudzi wa atate Loweruka, 3 koloko masana. Pafunika anzanu atatu oti atumize asilikali kuchokera m'mafoni awo. Popanda iwo mudzi upsa."

"Anzawo a atate ako ali kuti?"

"Anali a ku fakitale, anasiya kusewera kalekale."

Anandionetsa mudziwo. Unali ndi mpanda, zitsime, nkhokwe, ndi minda ya mizere yowongoka ngati mabedi a repu amene amuna anga ankalima kuseri kwa nyumba yathu. Zaka zitatu akumanga. Chilichonse anachipatsa dzina. Pachipata panali chimakina chachikulu choponya miyala, ndipo mwana wanga atawerenga dzina lake anaseka mpaka kukhala pansi. Linali dzina langa. Ndinafuna kukwiya, koma woti ndimukwiyire panalibe.

Jekete inapita, njinga inapita, nsapato zinapita. Chimene chinatsala chopangidwa ndi manja awo chinali mudzi umenewu, ndipo ndinati sindilola kuti upse ine ndili moyo. Mwana wanga anati Loweruka amatsegula belo la salaula, sangagwire foni. Ndinayamba kuwerenga anthu a mafoni aakulu pa mzere wathu. Analipo atatu, omwe aja.

Kwathu wofedwa sayendayenda m'makomo mwezi usanathe, kupatula ngati akupita kukathokoza amene anathandiza pamaliro. Ine zimenezo sindinaziganizire. Ndinamanga duku wakuda, ndinabisa foni m'chitenje, n'kukaima pakhomo la aneba anga a pa pompi aja.

"Odi."

Anatuluka, anandiyang'ana, anayala mphasa. Anakhala pansi manja ali pamiyendo, akudikira. Ine ndinatulutsa foni.

"Aneba, foni yanu ili ndi malo?"

"Malo a chani?"

"A gemu. Kuli chinjoka chikubwera Loweruka."

Anayang'ana duku wanga wakuda uja. "Ine ndimati mwabwera kudzathokoza."

"Kuthokoza chani?"

"Masiku atatu aja anthu ankadya pakhomo panu, mumaganiza ankaphika ndani? Angelo?"

Sindinkadziwa. Masiku a maliro ndinali m'nyumba, nditafunda chitenje kumutu, mbale zikungobwera ndi kupita. Anandiuza kuti amene ankaphika ndi iwowo, kuti mayi wa nsomba anabweretsa beseni lodzaza, kuti mayi wa kwaya anabwera ndi oimba ake ndi sipika yomwe ija.

"Musadzimve ayi, sitinachitire inu," anatero. "Tinachitira bambo aja. Tsiku limene munandithira madzi, anabwera pano ndi mapapaya awiri, chipewa chili m'manja. Kwa wa nsomba anapitanso. Kwa wa kwaya anapita kawiri. Mumaganiza mapapaya anu ankapita kuti?"

Mapapaya amenewo ndinkati amaba ndi ana awo, ndipo ndinali nditanenapo mokweza, nditaima pampanda.

"Chabwino," ndinatero, "ngati ndinakulakwirani…"

"Ngati?"

"Ndinakulakwirani."

"Tabwerezani, khutu ili linalowa madzi."

Ndinabwereza. Anapita m'nyumba kukatenga foni.

Mayi wa kwaya anandilandira mwaulemu, koma atamva za chinjoka anabwerera m'mbuyo pang'ono. "Amai, si za satana izi?"

"Tikupita kukachipha, mwana wanga, osati kukachigwadira."

Anati ayambe wapemphera. Mawa lake anabwera yekha, ndipo ndi amene anaika gemuyo m'mafoni a anzathu n'kutiphunzitsa podina.

Wa nsomba ndinamupeza pamsika akuthamangitsa ntchentche ndi kansalu. "Muli shani, ba mayo?" anandilonjera m'Chibemba. "Nsomba zanga zokalamba zija munadya bwino pamaliro?" Anavomera kubwera, koma anati ndiyambe ndaimirira pomwepo n'kuuza anthu kuti nsomba zake ndi zabwino. Ndinaimirira, ndili m'zakuda, n'kufuula kuti nsomba izi ndi za lero, zachokera ku Chanyanya m'mawa uno. Amayi ena anapukusa mitu mwachisoni, poganiza kuti imfa yandisokoneza mutu.

Loweruka malaiti anapita m'mawa, koma tinali titatchajiratu. Tinakhala pansi pa mango, iwo atatu pamphasa, ine pampando wa amuna anga. Mayi wa kwaya anandifotokozera katatu. "Amai, mukaona asilikali a mbendera zobiriwira, amenewo ndi athu. Mungowatsegulira chipata. Chimakina chija musunge mpaka chinjoka chioneke. Mwamva?"

"Ndamva, sindine mwana."

Itakwana 3 koloko ng'oma ija inalira. Ndinatsegula chipata monga anandiuzira. Kenako ndinaona tianthu tambirimbiri tikulowa, tikudutsa pakati penipeni pa minda ya amuna anga, tikuponda mizere yowongoka ija, tikulunjika ku nkhokwe. Mbendera zinali zobiriwira, ndinaziona bwinobwino. Koma chimene chinandigwira ndi chomwe chimandigwira nkhuku za aneba zikalowa mu repu yanga. Chala chinapita chokha pa chimakina cha dzina langa.

Chinagwira ntchito bwino kwambiri.

"Aneba! Mukupha anthu anga!"

"Akuponda mbewu!"

"Mbewu za m'foni, mayi inu! Chotsani chala!"

"Bwanji osadzera m'njira?"

Wa nsomba anaseka mpaka foni inamugwera m'chitenje, asilikali ake n'kuima okha pakati pa njira. Wa kwaya ankafuula kuti Yesu, Yesu, akuyesa kundilanda foni. Pamene ndinachotsa chala, asilikali a aneba anali atatha theka, ndipo chimakina chinalibenso miyala. Ndi pamene chinjoka chinatulukira kuseri kwa phiri, chakuda, chachitali kuposa mpanda wonse. Sichinachedwe. Madzi a tiyi sakanawira n'komwe. Mpanda unagwa, nkhokwe zinayaka, minda inasanduka yakuda.

Pamaliro ndinalira mmene wofedwa amalirira, anthu akundigwira mapewa. Pansi pa mango paja ndinalira moipa, pakamwa pali yasa, ngati mwana wotayika pamsika. Aneba, amene ndinali nditangowaphera asilikali, anatenga foni m'manja mwanga n'kuipukuta ndi chitenje chawo.

Patapita nthawi wa kwaya anasuzumira pagalasi. "Amai, sizinapse zonse." Utsi utachoka panali patatsala kanyumba kamodzi, chitsime chimodzi, ndi chimakina chija, chili chiimire pachipata chopanda mpanda.

"Onani," anatero wa nsomba. "Nachonso chinjoka chakuopani."

Ndinaseka mamina ali pamphuno. Anandiperekeza m'nyumba, anandipangira tiyi, n'kumapita. Aneba anatuluka osatsanzika.

Mawa lake nditachoka ku tchalitchi ndinapita kuseri kwa nyumba. Mumtengo munali mapapaya awiri akupsa. Ndinaima pamenepo ndithu, ndikuyang'ana, ngati kuti pali wina amene abwere kudzawathyola n'kupita nawo kumene ndalakwa. Kenako ndinatenga mtengo wautali umene amuna anga ankathyolera. Sindinkadziwa kagwiridwe kake. Papaya loyamba linagwa n'kuphulika, lachiwiri ndinaliwakha ndi chifuwa. Ndinalitsuka, ndinalikulunga m'chitenje, n'kukaima pakhomo paja.

"Odi."

Aneba anatsegula, anayang'ana papayalo, anayang'ana ine.

"Limodzi lokha? Bambo aja ankabweretsa awiri."

"Linalo laphulika."

"Nanga mawu ake ali kuti? Iwo sankangopereka chete."

"Ndinakupherani asilikali. Pepani."

Analandira papayalo, analidina ndi chala kuona ngati lapsadi. "Lowani," anatero. "Mwabwera nayo foni? Tiyambe ndi mpanda. Koma chimakina chija ndizigwira ndine."