Nkulukulu ya mu Mkuyu wa Kuseri

Kabotolo kakuda ka pulasitiki kamene amayi ankasungiramo masingano mpaka ukalamba wawo kanali ka filimu ya amalume. Ndikakatsegula lero, kamanunkhabe mankhwala osisitira pachifuwa, fungo la chaka chomwe amalume anabwera kuchokera ku Joni ataonda ngati bango, atanyamula chikwama chimodzi ndi kamera yolendewera m'khosi.

Inali nyengo ya chiperoni. Tiyi anali atasiya kuphuka bwino, moti amayi ankaweruka msanga ku esiteti, dengu losadzaza kumsana, zala zitauma ndi kuzizira. Tinkakhala pa laini, m'nyumba za antchito a esiteti, zitseko zonse zoyang'ana mbali imodzi, ndipo kuseri kwathu kunali mkuyu umene unapulumuka nkhwangwa. Kumeneko ndi kumene amalume ankakhala tsiku lililonse pa kampando, bulangete paphewa, kamera pamwendo, akutsokomolera m'nsalu kuti asaopseze mbalame.

Anthu a pa laini sanazimvetse. Kwathu chithunzi chinali cha munthu wosamba, wovala za pa Sabata, ataima chilili pafupi ndi maluwa. Munthu wamkulu kumatha filimu pa mapumbwa ndi mpheta, ndiwo za ana! Ena ankanong'ona kuti matendawo afika kumutu. Amayi nawo sankabisa. "Achimwene, tijambuleni ife anthu. Mbalamezo zidzakulirani maliro?" Amalume ankangoseka, n'kuyankha mawu awiri atatu m'Chilomwe kuti ine ndisamve.

Koma panali mbalame imodzi imene ankaidikira, nkulukulu. Inali yobiriwira ngati masamba a tiyi, ya kachisoti pamutu, ndipo inkabwera kudzadya nkhuyu nkhungu ikayamba kutseguka. Ikatera sungaione. Ikauluka, mapiko ake ankang'anima kufiira kamodzi kokha, basi yapita. Kufiira kumeneko ndiko amalume ankafuna. Koma akamati akweze kamera, iyo inali italowa kale m'nkhungu. "Mawa," ankatero akudzuka movutika. "Yandiona kale, mawa ibwera pafupi." Mu kamera munatsala zithunzi ziwiri zokha.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pa laini ponse panalibe wondiposa pa legeni. Ndinkawakonda amalume, ndinene zoona, ndipo zinkandipweteka kuwaona akubwerera m'nyumba chimanjamanja. Nzeru za mwana n'zazifupi. Ndinaganiza kuti vuto lonse ndi lakuti mbalameyo sikhazikika.

M'mawa wina amalume anachedwa kudzuka chifukwa cha chifuwa. Ndinabisala kuseri kwa bafa la udzu, mwala wa kumtsinje uli m'chikopa cha legeni. Mwala umodzi unakwana. Nkulukulu ija inagwa ikugunda nthambi, n'kufika pansi ndi kaphokoso kochepa kwambiri, ndipo pamene ndinkaitola inali yofunda kuposa manja anga. Ndinathamangira nayo m'nyumba, ndinagwada pafupi ndi mphasa yawo, n'kutambasula phiko lija ndi zala kuti kufiira konse kuoneke.

"Amalume, jambulani tsopano. Siithawanso."

Ndinkayembekeza kuyamikiridwa, kapena kumenyedwa khofi. Sindinalandire chilichonse. Anaitenga, anaiika pachifuwa, n'kumasalaza nthenga zake ndi chala chachikulu kwa nthawi yaitali. Kenaka anati, "Uli ndi dzanja labwino, mwanawe." Mawu amenewa andiwawa kwa zaka zambiri kuposa mkwapulo uliwonse wa aphunzitsi. Madzulo amayi anaiwotcha, poti nyama sitayidwa, koma amalume anadya nsima yawo ndi mpiru wokha.

Sabata lotsatira, titabwerako ku tchalitchi, anatiitana ine ndi amayi, natiimika pakhomo n'kutijambula. Amayi anasangalala kuti mchimwene wawo wayamba kuganiza ngati munthu. Anapempha kuti chithunzi chotsalacho chikhale cha amalume eni ake, ine ndikanikize batani. Amalume anapukusa mutu. Anazungulira nyumba atagwira khoma, ndipo tinamva kamera ikulira kamodzi kuseriko.

Kuchokera tsiku limenelo sanapitenso kumkuyu. Kampando kanakhala panja mpaka kanamera ndere. Anawatengera kuchipatala ku Makwasa nyengo yotentha itayamba, ndipo mvula yoyamba inagwa pa manda awo.

Amayi anakatsukitsa filimu ija patapita miyezi. Munali nthambi, nkhungu, timapumbwa tating'ono ngati nyemba, ife awiri titaima chilili, ndi chithunzi chomaliza cha mkuyu wopanda kanthu. Nkhope ya amalume munalibe, ndipo amayi analira ngati maliro ayambiranso.

Sindinganene kuti legeni yanga ndiyo inawapha. Matenda aja anali atawadya kale. Koma pa nthawiyo ndinkangodabwa kuti bwanji munthu akane chinthu chimene wachifuna miyezi iwiri, chitabwera chokha m'manja mwake. Sindinkadziwa kuti munthu amene madokotala amubweza amafunika kukhala ndi chifukwa chodzukira m'mawa, ndipo kuti amalume chawo chinali mawu aja akuti "mawa". Ine ndinawabweretsera mbalameyo lero lomwelo, ndipo mawa lawo linathera pomwepo.