A Chimwaza ndi Buloko ya Injini ya 1957

Pa chiphaso chimene a Medson Chimwaza ankakhalira mu Nairobi panalembedwa kuti iwo ndi munthu wodalira mnzake. Boma silinaname. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ankadalira akazi awo a Modesta, amene ankaona za katemera ku bungwe lina la mayiko ambiri. Chiphasocho chinkawalola kupuma mpweya wa ku Pangani, dera limene ankakhala, kugula ndiwo zamasamba za sukuma pamsika ndi kupita kutchalitchi, koma osati kugwira ntchito. Kwawo ku Limbe anatha zaka makumi awiri akusema mapatani, zifanizo zamatabwa zimene amazidinda mumchenga kuti papezeke chikombole chothiramo chitsulo chosungunuka. Kuno anasanduka wokonza zitseko za makabati a anansi, mwaulere, chotseka chitseko.

A Modesta anamwalira mu Febuluwale. Atabwerako kokawaika ku Chiradzulu, a Chimwaza anapeza kalata ya ku ofesi yoona za alendo. Mzere woyamba unapepesa. Mzere wachiwiri unawakumbutsa kuti amene ankamudalira kulibenso, choncho kudalirako kutha pa 30 Juni.

Akanangonyamuka. Nairobi sanaikondepo, mzinda umene munthu amakupatsa moni ali kale kutsidya kwa msewu. Koma panali Monalisa, mwana wawo yekhayo, wa chaka chachiwiri ku koleji, amene impso zake zinaleka ntchito. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ankagona maola anayi pa makina otsuka magazi kuchipatala cha ku Parklands, ndipo thandizo limene bungwe la mayi ake linamusiyira linali la kuchipatala chimenecho basi. Akachoka pamakinapo miyendo inkakhala ya eni, ndipo fulati yawo inali pansanjika yachinayi. Chiphaso chake cha sukulu chinalibe vuto. Wopita anali bambo, wotsala anali mwana.

Anapita ku ofesi kuja atavala jekete ya pamaliro. Anafunsa ngati bambo angathe kudalira mwana wake. Mayi wa pawindo, wa magalasi olendewera pa kaunyolo, anati wophunzira sadaliridwa. Njira inalipo imodzi: chilolezo cha ntchito, ndi kalata ya bwana yotsimikiza kuti a Chimwaza amatha chinthu chimene anthu a kuno sachitha.

"Koma musayerekeze kugwira ntchito musanalandire chilolezocho," anatero mayiyo.

"Nanga bwanayo adziwa bwanji kuti ndimatha, mayi?"

"Funso limenelo ndi la pawindo nambala sikisi."

Windo nambala sikisi inali yotseka, ndipo patsogolo pake anaikapo mphika wa maluwa.

Bwana anapezeka kuseri kwa dera la Umoja. Ambrose Wafula anali ndi fawundale, shedi yaitali ya malata yosungunuliramo zitsulo, mmene ankaumba zivundikiro za ngalande ndi mawilo a wilibala. Pabwalo pake panali patagona zaka ziwiri buloko ya injini, chithunthu chachitsulo chija chokhala ndi masilinda, itang'aluka kuyambira pamwamba mpaka pansi. Inali ya galimoto ya ku Mangalande ya 1957, ya a Conrad Fernandes a ku Parklands, nkhalamba imene inatengera mkwatibwi wake m'galimoto imeneyo ndipo inkafuna kuimvanso ikulira isanamutsatire kumanda. Fakitale yake inatsekedwa kalekale. Owotcherera anali ataimata mpaka zigamba kuchuluka kuposa buloko.

A Chimwaza anagwada, nalowetsa chala mumng'alu.

"Imeneyi siwotchereranso ayi. Njofunika kuumba ina."

"Mzee," anatero Ambrose, kutanthauza madala m'Chiswahili, "mukandiumbira buloko, injini n'kulira, kalata ndilemba ndi manja awiri. Ikakanika, ine ndi inu sitinaonanepo."

Anaicheka buloko yakaleyo ngati buledi kuti aone njira za madzi m'kati mwake. Anatulutsa rula yawo ya ku Limbe, yotalikirapo pang'ono kuposa marula a anthu onse, chifukwa chitsulo chikamazizira chimafota ndipo patani iyenera kuposa chinthu chenichenicho. Milungu isanu ankasema pakhonde la fulati. Anansi anawauza kuti akupanga khola la nkhunda, ndipo mayi wina wa pansanjika yachiwiri anakadandauliratu kwa mwini nyumba za ndowe za nkhundazo.

Chovuta sichinali matabwa. Buloko ili ndi mphako m'kati, ndipo mphako iliyonse imafuna kanjerwa ka mchenga koikidwa m'chikombole kuti chitsulo chikazungulire. A Chimwaza ankakanya mchenga ndi molasesi, n'kuotcha tinjerwato mu uvuni wa malemu a Modesta. Nyumba yonse inkanunkhira shuga wopserera.

"Adadi, masikono anuwa ndani adye?" ankatero Monalisa ali chigonere pasofa.

"Iwe, usawanyoze. Amenewa ndiwo akulera."

Tinjerwa timeneti timafuna kuuma gwa. Kachinyezi kochepa kakakumana ndi chitsulo chamoto kamasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo imasiya mabowo. A Chimwaza ankazidziwa zimenezi kuposa dzina lawo lomwe.

Ambrose ankayatsa ng'anjo kamodzi pa milungu itatu, Loweruka m'mawa. Pa 24 Meyi kunacha ndi mvula. M'matatu, minibasi ya kumeneko, yopita ku Umoja denga linkadontha pamwamba penipeni pa katoni ya tinjerwa imene anaifukata pamiyendo. Anaiphimba ndi jekete, kenako ndi chifuwa. Atafika anatenga kanjerwa kamodzi nakagunditsa patsaya. Kanali kozizira ngati mphuno ya galu.

Ng'anjo inali itayamba kale kubangula. Ambrose ankathamanga uku ndi uku, akukuwa kuti haraka, haraka, fulumirani, makala sadikira munthu. A Chimwaza anamuyandikira, anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, anaweramako pang'ono.

"Bwana, kaya mwina tikanaona kaye ngati kungatheke kuti tidikireko pang'ono pokha."

Ku Limbe mawu amenewo akanaimitsa fakitale yonse. Aliyense akanadziwa kuti mkuluyu akulira. Ku Umoja anamveka ngati ndemanga ya nyengo.

"Sawa, chabwino, mzee!" anatero Ambrose, nawasisita paphewa, nakodola onyamula mtsuko wa chitsulo.

A Chimwaza anaika okha tinjerwato m'chikombole, ndi manja awo, chifukwa bwana anali atanena. Chitsulo chitalowa, chikombole chinatsokomola, chinalavula tinthethe, chinabwata ngati phala. Lolemba atafumula mchenga, buloko inatuluka yokongola mbali imodzi. Mbali inayo inali ngati chisa cha mavu.

Monalisa anamva nkhaniyi ali pampando wa kukhitchini, pamkono pali bandeji ya tsikulo.

"Koma munawauza kuti tinjerwato tanyowa?"

"Ndinawauza."

"Munati bwanji?"

Anabwereza mawu aja onse, osasiyapo kaya kapena mwina. Mwanayo anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako kusekako kunakhota n'kukhala china.

"Adadi, kuno munthu akakupondani mumakuwa. Inu mumapepesa nsapato yake. Mukufuna ndizikwera ndekha masitepe awa? Ndizikwawa?"

A Chimwaza anatembenukira kusinki. Anatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Ambrose anati zatha, makala ake si oseweretsa. A Chimwaza anaima pageti la fawundale masiku atatu otsatizana, osapempha kanthu, kumangopereka moni kwa aliyense wolowa. Chimene chinamufewetsa Ambrose si moniwo koma a Fernandes, amene ankamuimbira foni kawiri pa tsiku kufunsa ngati afe kaye kapena adikire.

"Pa 14 Juni," anatero Ambrose. "Kotsiriza. Ndipo masikono anuwo muphikire konkuno."

Anadula mgolo pakati n'kuusandutsa uvuni. Anakanyanso mchenga. Ankapita naye Monalisa ku Parklands, n'kumusiya pamakina, n'kukwera minibasi ziwiri kupita ku Umoja, n'kubwerera thukuta lili kamukamu maola anayi asanakwane. Tsiku lina anachedwa ndi theka la ola. Anamupeza atakhala pabenchi panja pa chipatala, mutu uli pamawondo, mlonda ataima chapatali ngati akulondera katundu wosowa mwini.

Pa 14 Juni kunalibe mvula. Tinjerwa tinali touma, tikulira ngati mbale ukatigogoda. Koma Ambrose anali ndi dongosolo lake la masiku onse: zivundikiro za ngalande poyamba, zina zonse pambuyo. A Chimwaza anaona mtsuko ukudzazidwa, chitsulo chili choyera ngati dzuwa, n'kutembenukira ku mzere wa zivundikiro. Makoma a buloko ndi opyapyala. Amafuna chitsulo choyamba, chotentha kwambiri. Chikafiira chimaima panjira, osafika kumapeto. Pofika pa buloko yawo chikanakhala ngati phala.

Anamva dzanja lamanja likupita lokha kukagwira lamanzere. Anamva mawu aja oti kaya akukwera pakhosi.

Anadumpha chikombole chimodzi, munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, naima patsogolo pa anthu awiri onyamula chitsulo chamoto.

"Ayi! Ndati ayi! Uku! Thirani uku kaye!"

Anakuwa m'Chichewa, ndipo mawu anawathyokera pakati ngati a tambala wamng'ono, koma panalibe amene anafuna womasulira. Onyamulawo anayang'ana Ambrose. Nsidze za a Chimwaza zinayamba kununkha.

"Kumbe! Kani mzee ali ndi pakamwa," anatero Ambrose. "Mpatseni, asanatipsere pano."

Chitsulo chinalowa mwakachetechete, chinadzaza, chinatulukira pa mabowo a pamwamba chili chowala. Zitatha a Chimwaza anazungulira shedi yonse kupepesa munthu mmodzimmodzi chifukwa chokweza mawu.

Buloko inatuluka yathunthu. Inatha masiku asanu ndi atatu kwa oboola masilinda, masiku ena atatu kwa makaniko. Lachinayi pa 26 Juni, m'galaja ya a Fernandes, injini inakana kawiri, kachitatu inatsokomola utsi wabuluu n'kugwira. Nkhalambayo inavula chipewa. A Chimwaza sanamvetsere n'komwe kulirako. Maso awo anali pa cholembera chimene chinali m'thumba la malaya a Ambrose.

Pa 30 Juni linali Lolemba. Anamusiya Monalisa pamakina nathamangira ku ofesi kuja ndi kalata ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi. Kunyumba sutikesi inali italongedzedwa kale. Mayi wa magalasi uja anawerenga kalatayo kawiri, nayala zithunzi pa kauntala.

"Chinthu ichi anapanga ndani?"

Akati si iwo, ndiye kuti luso palibe. Akati ndi iwo, ndiye kuti aphwanya lamulo limene mayi yemweyu anawachenjeza. Kumbuyo kwawo mzere unkapumira m'khosi mwawo.

"Ndine, mayi."

"Ndiye kuti munagwira ntchito."

"Ndili ndi mwana pamakina a impso. Panopa ali pomwepo."

Mayiyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali ndithu.

"Za mwana fomu iyi ilibe malo ake. Anakupatsani malipiro?"

"Ayi."

"Yunifolomu?"

"Ayi."

"Ndiye sinali ntchito imeneyo, bambo. Mumasewera." Analemba mawu amodzi m'kabokosi, nadinda. Kenako anang'amba kapepala kotalika ngati chikhatho. "Pempho lanu lalandiridwa, likuunikidwa. Likamaunikidwa palibe angakuchotseni. Muzibwera pakatha masiku makumi atatu ndizidinda kuseri kwakeku. Ntchito musagwire."

"Yankho lituluka liti?"

"Komiti ikakhala."

"Ikhala liti?"

"Wapampando anapuma ntchito. Sanaikepo wina."

"Nanga akadzati ayi?"

"Masiku asanu ndi awiri oti muchoke. Wotsatira!"

Umu ndi mmene a Medson Chimwaza akukhalira mpaka lero. Mbiri ya galimoto ya a Fernandes inafika kwa eni magalimoto akale, ndipo pabwalo la Ambrose pagona mabuloko atatu ong'aluka. A Chimwaza amapita kukasewera nawo Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka, ndipo Ambrose amatumiza ufa ndi gasi ku Pangani ngati mphatso kwa mnzake wosewera naye. Ku mapemphero a Amalawi, ena akamapempha kuti mapepala awo atuluke msanga, a Chimwaza amavomera amen, koma chamumtima amapempha kuti mpando uja ukhale wopanda munthu. Amagula nyuzipepala kuti aone ngati boma lakumbukira. Akaona mawu oti kusankhidwa, amawerenga mwaphuma mpaka ataona kuti ndi za komiti ya nsomba.

Kapepalako amakasunga m'pulasitiki, m'thumba la m'kati. Kuseri kwake kwadindidwa kasanu, ndipo malo atsala a zidindo ziwiri. Chimene chimachitika kapepala kakadzaza palibe akudziwa, ngakhale mayi wa magalasi, amene anati chiyambire ntchito sanaonepo munthu wofika pamenepo.

Mwezi watha, mayiyo atakweza chidindo, a Chimwaza anaika chala pakona.

"Dindani chakumphepete kuno, mayi. Theka likhale panja."

Mayiyo anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, nadinda theka pa kapepala, theka pa kauntala ya boma.