Moni Womwe Unatsala Pang'ono Kutha Chala cha Waisoni

Tinanyamuka pa esiteti Lolemba m'mamawa, nkhungu idakali m'minda ya tiyi. Ndinkaperekeza mlamu wanga Waisoni ku chipatala cha mishoni ku Makwasa. Loweruka, ali pagolo, mpira unamupinda chala chachikulu cha kumanja, chinatupa ngati mbatata. Chala chimenecho ndicho chimathyola tiyi. Kapitawo anali atanena kale kuti wosathyola mvula ikagwa achoke pa malo a mzungu, asiye munda ndi nyumba yomwe. Mlongo wanga, mkazi wake, anali ndi pakati.

Dzuwa litakwera tinapeza lole ya nkhuni, yolipiritsa tiki, makobiri atatu, munthu mmodzi. Dalaivala atazindikira goloboyi uja anamupatsa moni wa pachibale: kugwira dzanja, kukola chala chachikulu, n'kugwiranso dzanja. Waisoni analuma mano. Kupereka lamanzere n'chipongwe, kukana moni ndiye kunyada.

Lole inatitsitsa pamphambano, kwinako tinayenda wapansi tikudya chinangwa chootcha. Tsoka lake, midzi ya m'njiramo inali ya Alomwe anzake, ochokera limodzi kwa Apwitikizi. Aliyense moni womwewo. Mkulu wina anachita kuchikoka ndithu.

"Chinaguluka ichi, mwanawe. Ndachibwezera."

"Zikomo, bambo," anatero Waisoni, misozi ili chuchuchu. Ndinamumvera chisoni, komanso ndinafuna kuseka.

Tinafika dzuwa litapendeka. Bambo omanga mabala anagwedeza chalacho, chikungogwera kumbali.

"Fupa lili bwino. Wang'ambika ndi mtsempha wogwira mfundoyi. Mpira unangoyambako. Wakhala akuchikoka ndani?"

"Ndi moni, bambo."

Sanaseke. Anachimangira ku kamtengo ka nsungwi, nsalu mpaka pamkono.

"Chisagwedezeke kufikira mvula. Mukalola wina achikokenso, tsamba la tiyi simudzalitsinanso."

M'mawa mwake tinabwerera njira yomwe ija, ndipo manja omwe aja anatambasuka. Waisoni anabisa lake kumbuyo n'kungowerama. Mkulu uja anayang'ana dzanja lake lili m'malere.

"Kugona tsiku limodzi ku mishoni, wasanduka mzungu?"

Waisoni anaweramanso n'kupitirira. Ulendo wonse ndinaona kuti kukana moni kunkamupweteka kuposa chala.

Dzina la Mzungu linamukakamira mpaka ukalamba. Koma mvula itagwa anathyola tiyi, ndipo mwana anabadwira m'nyumba yomwe ija.