Mpunga wa Akhwangwala

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, m'masiku a chitaganya, pamene ndinapha khwangwala woyamba ndi legeni. Ku Kachulu imeneyo sinali nkhani. Aliyense woyanika matemba ankadana ndi akhwangwala, ndipo mankhwala ake tonse tinkawadziwa: ukapha mmodzi, um'pachike mumtengo mutu uli pansi. Anzake amalira tsiku lonse ali m'mwamba, koma satera.

Pafupi ndi doko panali sitolo ya malata ya Mmwenye wokalamba, a Devuji. Amwenye ambiri a kwathu anali Asilamu, koma iwowa anali Mhindu. Akazi awo anali atamwalira kale, ndipo ankakhala okha. Pakhonde pa sitoloyo pankasokera Che Bwanali, telala wachiyao wosakonda zolankhulalankhula.

A Devuji ankasala kudya motsata mwezi wakumwamba. Tsiku la khumi ndi chimodzi mwezi ukamakula, ndi la khumi ndi chimodzi ukamachepa, sankalawa mpunga kapena chilichonse cha ufa. Ankamwa mkaka pang'ono ndi kudya nthochi, nthawi zina madzi okha. Mwezi ukakhala wathunthu ankasalanso. Mvula ikayandikira ankandandalika tinyale ta mafuta pakhonde. Che Bwanali ankati, "Ife pa Ramadani timasenza mtolo wonse kamodzi. Awa amatola nkhuni imodziimodzi chaka chonse."

Malume anga, a Nampinga, ankaona zina. Anali ndi bwato limodzi koma pakamwa pa anthu khumi. Lamulungu ankatsogolera nyimbo m'tchalitchi, mpweya wawo ukununkha kachasu wa Loweruka. Pa moyo wawo wonse sanadzimanepo kalikonse, ndipo n'chifukwa chake ankadziyesa katswiri pa nkhani ya kudzimana kwa anthu ena.

"Munthu ali ndi matumba a mpunga m'sitolo n'kumagona ndi njala!" ankatero. "Limenelo si pemphero, ndi kuumira."

Anthu ankaseka. Inenso ndinkaseka, mokweza kuposa onse, kuti malume andione.

M'nyengo yotentha, nyanja ikayamba kuthawa n'kusiya matope ong'aluka, mwezi ukuchepa, panali tsiku limene a Devuji ankakumbukira akazi awo. Ankaphika okha mpunga, kuumba timibulu, kuwaza chitowe, n'kukaika pa tsamba la nthochi kuseli kwa sitolo. Kenako ankakhala pansi n'kudikira. Khwangwala akatera n'kujompha mpungawo, ndiye kuti malemu alandira, ndipo nawonso ankadya. Tsikuli linkatsatana ndi la kusala, choncho ankadikira m'mimba muli pululu chiyambire dzana madzulo. Chaka chilichonse kudikirako kunali kwakufupi, chifukwa khwangwala wa pa Kachulu sachita kuitanidwa kawiri.

Chaka chimenecho malume anandipeza m'mawa ndili ndi khwangwala wanga m'manja, ndikupita naye kumene amayi ankayanika matemba.

"Mphwanga, ameneyo usam'pachike kumeneko," anatero. "Lero Mmwenye akudyetsa akazi ake. Kam'pachike mumtengo wa mango kuseli kwa mpanda wake, mkati mwa masamba. Tione ngati adona abwere."

Ndinadziwa zimene ndinkachita. Sindikufuna kubisala kumbuyo kwa zaka zanga. Ndinakwera, ndinamanga mwendo wa mbalameyo ndi luzi, ndinatsika, ndipo malume anandisisita m'mutu pamaso pa anzawo.

Dzuwa litakwera pang'ono a Devuji anatuluka atavala nsalu yoyera, opanda malaya, nthiti zikuwerengeka. Anaika tsamba pansi. Akhwangwala anabwera, ambiri kuposa masiku onse, koma ankangozungulira mtengo wa mango akulira. Palibe amene anatera. Ife tinali pansi pa chisakasa cha asodzi, pamene mpandawo unkaonekera m'mipata.

"Adona akuti mchere wachepa!" anafuula malume, ndipo chisakasa chonse chinagwa nacho chiseko.

Dzuwa linafika paliwombo. Mpunga unauma pamwamba, nyerere zinaupeza. A Devuji anachotsa nyererezo ndi chala, n'kusuntha tsambalo kuliika poyera. Anabwerera m'mbuyo kuti mbalame zisawaope. Anayesa kuitana monga amalirira khwangwala, munthu wamkulu wa imvi, ndipo apo malume anagubuduzika pansi. Patapita nthawi anthu anatopa n'kubalalika. Nthabwala ya munthu wopusa siichedwa kutha, koma amene wasekedwayo amatsala pomwepo.

Ine ndinatsala, ndipo ndi pamene Che Bwanali anandigwira mkono. Iwo anali ataona nthenga pansi pa mtengo.

"Kwera, um'tsitse," anatero, mawu ali pansi. Ndinam'tsitsa, ndipo anandiyimirira mpaka ndinam'kwirira.

Koma akhwangwala saiwala msanga. Anakhala padenga la sitolo n'kumayang'ana, osatsika. Dzuwa litapendeka a Devuji anatola tsamba lija n'kuyamba ulendo wa kunyanja. Madzi anali kutali. Anayenda m'matope akuterereka, anagwa kamodzi ndi bondo, koma tsambalo sanalitaye. Ataika mpunga m'madzi anabwerera, nsalu yoyera ija ili bii. Podutsa pakhonde anaima pafupi ndi makina a Che Bwanali. Chinyanja cha a Devuji chinali chothyokathyoka, koma tsiku limenelo ndinamva mawu onse.

"Che Bwanali, wakana. Zaka zonse amalandira. Ine ndalakwa chiyani?"

Analowa m'nyumba osadikira yankho. Utsi sunatuluke kukhitchini kwawo tsiku limenelo.

Che Bwanali anandiyang'ana. "Wamva? Ndikawauza ine, aziti ndikuwatonthoza ndi bodza. Pita wekha, ukanene kuti unali iwe. Akakumenya ndi kamodzi, n'kupola. Ukapanda kupita, funso limeneli agona nalo."

Ndinafika pakhomo pa a Devuji. Ndikukumbukira fungo la lubani ndi la palafini, ndi mawu awo mkatimo akunong'ona pemphero. Ndinakweza dzanja kuti ndigogode. Nthawi yomweyo malume anandiitana kuchokera kudoko: "Iwe mphwanga, ukufuna ukhale khwangwala wa Mmwenye?" Anthu anaseka, ndipo ine ndinatsitsa dzanja n'kuthamangira komwe kunali chisekocho.

Ndinadziuza kuti ndipita mawa. Che Bwanali sanandikumbutsenso, ndipo sanandipatsenso moni. Ngati anawauza okha, sindikudziwa. Chaka chisanathe sitolo inatsekedwa; ankati a Devuji atengedwa ndi abale awo ku Limbe. Malume anakhala zaka zambiri akufotokoza nkhaniyi pamowa, akuwonjezera mchere, ndipo anamwalira ali okhuta.

Ine ndinapitiriza sukulu mpaka ku koleji. Kumeneko ndinawerenga za masiku osala a Ahindu, maina ake ndi chifukwa chake, ndipo ndinalemba mayeso n'kukhoza. Ndinkaganiza kuti ndamvetsa.

Mkazi wanga Esinati anamwalira miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Anadwala masiku anayi. Za iye sindilemba zambiri pano. Pamaliro panadzaza anthu a mtundu wa malume, odziwa zonse za chisoni cha eni ake, maso ali ku mphika wa nyama. Wina anandiuza kuti ndine mnyamata, ndipeza wina. Wina anafunsa ngati ndigulitse makina ake osokera. Ndinawathokoza onse mwaulemu.

Ine si Mhindu, ndipo sindiika mpunga pa tsamba. Koma tsopano ndikudziwa kuti wofedwa amasiya chakudya kuti akhale ndi kena kom'chitira munthu amene sangam'chitirenso kanthu. Amadikira kachizindikiro kalikonse koti sanasungiridwe mlandu. Nkhalamba ija inali ndi kake kamodzi pachaka, ndipo ndinakalanda kuti munthu woledzera andisisite m'mutu.

Funso lija, lakuti ndalakwa chiyani, ndimalifunsa ndekha masiku ano, m'Chinyanja chosathyoka. Langa palibe angaliyankhe. La a Devuji linali ndi yankho, ndipo yankholo linaima pakhomo pawo, dzanja lili m'mwamba, n'kuthawa.